Cithunzi ca Utoto wa Madzi ca Marcel Marceau: Kudziwa Ceniceni ndi Cokopera

Abale atsogoleri a makalasi, phunziro la akulu kawirikawiri limayamba ndi cithunzi. Tisanalembe liu pa bolodi, timakweza pepala ndi kufunsa kuti: "Mukuonapo ciani apa?" Zithunzi zimenezi n'zosindikizidwa, ndipo cimene cili m'buku la wophunzira mmodzi ndi comweco cili m'mabuku ena mazanamazana. Koma cithunzi ciliconse cojambulidwa ndi manja cili ndi pepala lake loyamba, limene munthu wina analikhalira pansi nalijambula. Pepala limenelo ndilo timati ceniceni. Zotsalazo n'zokopera.

M'nkhani ino tifotokoza mtundu umodzi wa zithunzi, zija amajambula ndi utoto wosungunula m'madzi. Apwitikizi amati aguarela, Afalansa amati aquarelle. Citsanzo cathu ndi zithunzi za Marcel Marceau, munthu wa ku France amene dziko lonse linamudziwa cifukwa ca masewero ake opanda mau. Tiona kuti anali yani, utoto umenewu amaupanga bwanji, ceniceni timacizindikira bwanji, ndi cimene cimaononga pepala lotere. Nkhaniyi ikukukhudzani, pakuti inu ndinu amene anthu amakubweretserani makalata akale, ziphaso ndi zithunzi kuti muwauze ngati zili ndi phindu.

Marcel Marceau anali yani?

Anabadwa pa 22 Malichi 1923 mumzinda wa Strasbourg, kum'mawa kwa France, pafupi ndi malire a Germany. Dzina lake lobadwa nalo linali Marcel Mangel. Banja lao linali la Ayuda, ndipo atate ake, a Charles Mangel, anali ogulitsa nyama. Ali ndi zaka zisanu, amai ake anamutengera ku kanema kukaona Charlie Chaplin. Kucokera pamenepo mwanayo anayamba kutsanzira mayendedwe a anthu ndi kuseketsa anzake. Analinso wokonda kujambula kuyambira ali wamng'ono.

Nkhondo yaciwiri ya dziko lonse itayamba mu 1939, boma linasamutsa anthu a ku Strasbourg cifukwa mzindawo unali pakamwa pa mdani. Banja la Mangel linathawira cakumwera, ndipo pambuyo pake Marcel analowa sukulu ya zojambula ku Limoges. Tsono taonani: luso limene anayamba kuphunzira kusukulu linali la pensulo ndi utoto, la masewero linadza pambuyo.

Pali liu limodzi lofunika kulimvetsa. Afalansa akamati comédien satanthauza munthu wa nthabwala yekha ai. Amatanthauza aliyense wocita masewero pamaso pa anthu, kaya oseketsa kaya omvetsa cisoni. Marceau anali kucita zonse ziwiri, ndipo nthawi zambiri m'sewero limodzi lomwelo.

Dzanja lojambula pa nthawi ya nkhondo

Ajeremani atalanda France, Ayuda anali kusakidwa ndi kutumizidwa kumisasa ya imfa. Marcel ndi mkulu wake Alain analowa gulu la mobisa lokana ulamuliro umenewu. Kuti asadziwike kuti ndi Ayuda anasintha dzina nakhala a Marceau, kutengera kazembe wina wa nkhondo wa ku France wa zaka za m'ma 1790.

Apa m'pamene luso la kujambula linagwira nchito yoopsa. Marcel anali kusintha zaka za kubadwa pa ziphaso za acinyamata, kuti aoneke ngati ana osakwana kutengedwa kukagwira cibalo ku Germany. Nchito imeneyi imafuna munthu wodziwa kutsanzira kalembedwe ka mnzake ndi mtundu wa inki, cifukwa kulakwitsa pang'ono kunali imfa ya mwini ciphaso. Kusintha ciphaso ndi mlandu kulikonse, ndipo sitikuphunzitsa zimenezo. Iye anacita pa nthawi imene malamulo eniake anali kupha anthu osalakwa.

Msuwani wake Georges Loinger anali m'bungwe lopulumutsa ana a Ciyuda lochedwa OSE. Marcel anathandiza kuperekeza magulu a ana kumalire a Switzerland, akudzionetsa ngati mtsogoleri wa ana opita kokayenda. Loinger anafotokoza pambuyo pake kuti Marcel anali kucitira anawo masewero opanda mau kuti akhale cete pa malo oopsa. Atate ake sanapulumuke. Anagwidwa mu 1944, natumizidwa ku Auschwitz, kumene anaphedwa.

Kubadwa kwa Bip

Marceau anaphunzira masewero ku Paris pa sukulu ya Charles Dullin, ndipo mphunzitsi wake wa luso losewera ndi thupi lokha anali Étienne Decroux. Mu 1947 anaonetsa kwa nthawi yoyamba munthu wa m'masewero ake, dzina lake Bip. Dzinali analitenga kwa Pip, mnyamata wa m'buku la Charles Dickens lochedwa Great Expectations. Bip ndi wosavuta kumuzindikira: nkhope yopakidwa zoyera, malaya a mizeremizere, ndi cipewa cacitali cakutha cokhala ndi duwa lofiira pamwamba.

Bip sanali kulankhula, ndipo pa bwalo panalibe katundu. Koma anthu anali kuona Marceau akulimbana ndi mphepo, akuthamangitsa agulugufe, akupapasa makoma a khola losaoneka. M'sewero lina lacidule anali kuonetsa moyo wonse wa munthu, unyamata, ukulu, ukalamba mpaka imfa, m'mphindi zowerengeka cabe. Ulendo wake wa ku America wa mu 1955 unamuchukitsa kwambiri, ndipo popeza masewero ake sanafune womasulira, anayenda nao m'maiko ambiri kwa zaka zoposa makumi asanu. Mu kanema wa Mel Brooks wa mu 1976 wochedwa Silent Movie, liu limodzi lokha limamveka, ndipo amene amalinena ndi Marceau: "Non", ndiko kuti "Iai". Mu 1978 anatsegula sukulu yake ya masewero ku Paris, ndipo mu 1991 anasankhidwa kulowa m'bungwe la akatswiri a luso la Académie des Beaux-Arts.

M'zaka zonsezi sanataye kaburashi. Anajambula zithunzi zambiri ndi inki ndiponso utoto wa madzi, zina nazitulutsa m'mabuku. Mu 1968 munatuluka La Ballade de Paris et du monde, ndipo mu 1976 munatuluka buku la ana la nkhani ya Bip, limene analemba ndi kujambula iye mwini.

Utoto wa madzi n'ciani?

Utoto uliwonse uli ndi zinthu ziwiri: ufa wopereka mtundu, ndi comatira cogwirizira ufawo pamalo pake. Ufa umacokera ku dothi, ku miyala yopera, ku zomera, kapena ku mankhwala a m'fakitale. Dothi lofiira ndi lacikasu, longa lija amai amatsira nalo makoma, ndi limodzi mwa mautoto akale kwambiri pa dziko. Cimene cimasiyanitsa mitundu ya utoto ndi comatira. Utoto wa mafuta amaukanda ndi mafuta a njere. Utoto wa madzi amaukanda ndi utomoni.

Utomoni umenewu umacokera ku mtengo wa minga wa banja limodzi ndi mthethe, umene umamera m'maiko ouma a kumwera kwa cipululu ca Sahara. Wambiri umacokera ku Sudan. Amatema khungwa, utomoni n'kutuluka, n'kuuma ngati timiyala. Ubwino wake ngwakuti umasungunuka m'madzi. Opanga utoto amaonjezako uci pang'ono kapena mankhwala ochedwa glycerine kuti usaume gwa ndi kung'aluka.

Wojambula amanyowetsa kaburashi, n'kukhudza utoto, n'kupaka pa pepala. Madzi amanyamula ufa uja ndi kuulowetsa pakati pa ulusi wa pepala. Kenaka madziwo amauma, n'kusiya ufa woonda kwambiri wogwidwa ndi utomoni. Popeza ngwoonda, kuwala kumapyola, n'kugunda pepala loyera, n'kubwerera m'maso mwathu. N'cifukwa cake cithunzi cotere cimaoneka cowala ngati nsalu yopyapyala yoyanikidwa padzuwa.

Kale wojambula aliyense anali kudziperera yekha utoto. Ca m'ma 1780 William Reeves wa ku London anayamba kugulitsa utoto wouma woumbidwa ngati tizidutswa ta sopo, ndipo m'ma 1830 kampani ya Winsor & Newton inatulutsa wofewa wa m'timbale. Kuyambira pamenepo munthu anatha kuika bokosi lonse la utoto m'thumba. Kwa munthu wa maulendo ngati Marceau, wokhala m'sitima ndi m'nyumba za alendo, utoto wotere unali woyenera: bokosi laling'ono, kapu ya madzi, pepala, basi.

Pepala nalo si wamba. Labwino amalipanga ndi thonje, n'kuliviika m'guluu wopyapyala kuti lisamwe madzi msanga ngati nyuzipepala. Ku France kuli fakitale yochuka ya mapepala otere ku Arches, imene inayamba mu 1492. Kulemera kwa pepala amakuyeza motere: pepala la mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. La mu ofesi limalemera magalamu 80, pamene la utoto wa madzi kawirikawiri ndi magalamu 300. Lopepuka likanyowa limakwinyika.

Malamulo atatu a kajambulidwe

Loyamba: coyera ndi pepala lenilenilo. Mu utoto wa madzi weniweni wojambula sapaka utoto woyera. Pamene afuna payere amangopasiya osakhudza. Cotero ayenera kudziwa asanayambe malo amene adzasiya. Ganizani za nkhope yoyera ya Bip. Pa bwalo anali kuipaka, koma pa pepala njira ya utoto umenewu ndi kupaka zozungulira n'kusiya nkhopeyo. Ulipo utoto wina wa madzi wokhuthala, wochedwa gouache, umene umaphimba za pansi, ndipo ojambula ena amasakaniza mitundu iwiriyi pa pepala limodzi.

Laciwiri: kuyambira kowala kunka kwakuda. Utoto wowala sungaphimbe wakuda, cifukwa wakudawo umaonekerabe. Tsono amayamba ndi thambo ndi zina zopepuka, n'kudikira ziume, n'kubwereza pamwamba. Mizere yakuda ndi mithunzi zimadza pomaliza. Akapaka buluu pamwamba pa cikasu couma, maso amaona cobiriwira.

Lacitatu: kufafaniza n'kovuta. Wojambula ndi utoto wa mafuta akalakwitsa amapala n'kupakanso. Pa utoto wa madzi ukhoza kucotsako pang'ono ndi kansalu konyowa, koma cipsera cimatsala, ndipo ukakhula kwambiri pepala limanyotsoka. Paja akulu anati madzi akatayika saoleka.

Palinso nkhani ya nthawi. Utoto ukagwa pa pepala lonyowa umafalikira wokha ngati mtambo, wopanda malire. Ukagwa pa pepala louma umaima pomwepo, ndipo pouma umasiya kamzere kakuda m'mphepete, cifukwa madzi amakankhira ufa kumeneko. Wojambula amatsogolera madzi, koma sawalamula kotheratu. Ici ndico cifukwa ngakhale mwini wake sangajambule zithunzi ziwiri zofanana ndendende. Masewero a Marceau anali otere: kusuntha kwa dzanja kukacitika pamaso pa anthu, kwacitika, palibe kubweza.

Cimene timaona pa zithunzi za Marceau

Amene wazolowera kuona Marceau ali yekhayekha pa bwalo lopanda kanthu amadabwa akaona zojambula zake, cifukwa zambiri n'zodzaza. Muli makamu a anthu, nkhope zothithikana, madenga ndi nyumba za Paris, anthu oyandama m'mlengalenga ngati m'maloto. Bip amapezekamo kawirikawiri, ndipo amadziwika ndi cipewa ndi duwa lake. Zimene thupi silikanatha kucita pa bwalo, monga kuuluka pamwamba pa mzinda, kaburashi kanali kuzicita. Posaina, nthawi zambiri anali kulembapo dzina la Bip pambali pa lake ndi kujambulapo kaduwa.

Cithunzi cotere sacionera pothamanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Yambani ndi kufunsa kuti diso lagwera pati poyamba, kenaka ndani ali pamwamba ndani ali pansi, ndani ali yekha ndani ali m'gulu, mitundu yotentha ili kuti yozizira ili kuti. Mukadziwa mbiri ya mwini wake, kuti anataya atate ake ku Auschwitz ndipo anayenda ndi ana othawa imfa, makamu a nkhope aja mumawaona ndi maso ena. Koma cenjerani: tiyambe tanena zimene zili pa pepala, tisanayambe kunena zimene tikuganiza kuti zikutanthauza.

Ceniceni, cosindikiza ca mwini, ndi cokopera

Pa msika wa zithunzi pali magulu atatu, ndipo ogula ambiri amanyengeka cifukwa cosawasiyanitsa.

1. Ceniceni. Ili ndi pepala limene wojambula analipaka ndi dzanja lake. Lilipo limodzi lokha pa dziko lonse. Likapsa, latha.

2. Cosindikiza ca mwini. Pali njira yochedwa lithographie, imene Alois Senefelder anaitulukira ku Munich ca m'ma 1796. Wojambula amajambula pa mwala wosalala ndi coko ca mafuta. Mwalawo amaunyowetsa, n'kupititsapo inki. Popeza madzi ndi mafuta sizigwirizana, inki imamatira pa mizere ya mafuta pokha. Akapanikizapo pepala, cithunzi cimatuluka. Amasindikiza mapepala owerengeka, ndipo mwini amasaina lililonse ndi pensulo n'kulembapo nambala. Mukaona 25/100, ndiye kuti ili ndi pepala la nambala 25 mwa mapepala 100. Mukaona zilembo E.A., ndiye kuti ndi limodzi mwa ocepa amene wojambula anadzisungira. Marceau anapanga zithunzi zambiri za mtundu uwu. Ndi nchito yake ndithu, koma si utoto wa madzi, ndipo mtengo wake umatsika poyerekeza ndi pepala limene lilipo limodzi lokha.

3. Cokopera. Apa makina amajambula ceniceni cija n'kucisindikiza pa makalendala, m'mabuku ndi pa makadi, kaya zikwi zingati. Dzanja la mwini silinakhudze pepalalo. Ngakhale dzina lake likuoneka pakona, nalonso n'losindikizidwa.

Cokopera si coipa ai. Popanda ico ambiri a ife sitikanaona zithunzi za kutali, ndipo mabuku athu a kalasi sakanakhalapo. Coipa ndi kugulitsa cokopera pa dzina la ceniceni.

Tingazindikire bwanji?

Coyamba, yang'anani ndi galasi lokulitsa. Cithunzi cosindikizidwa ndi makina a mabuku cimapangidwa ndi timadontho ta mitundu inai: buluu, wofiirira, cikasu ndi wakuda, tondandalikidwa mwa dongosolo. Pa ceniceni mulibe timadontho totere. Muona ufa wa utoto utakhazikika m'maenje a pepala, pena wambiri pena wocepa.

Caciwiri, pendeketsani pepala kuti kuwala kudze cam'mbali. Mizere ya pensulo imene wojambula anayambira imanyezimira pang'ono ndipo imasiya kanjira pa pepala. Malo amene ananyowa kwambiri amaoneka otukuka. Cokopera cimakhala cosalala cimodzimodzi paliponse.

Cacitatu, onani kumbuyo ndi m'mphepete. Ceniceni kawirikawiri cimakhala ndi madontho otayikira, mabowo a timisomali, kapena malo amene wojambula anayeserapo mtundu.

Cacinai, ndipo ici ndico cacikulu, funsani njira imene pepalalo layenda. Linacoka kwa yani, linafika bwanji kwa uyu, pali kalata kapena risiti? Siginecha yokha si umboni, cifukwa ndiyo yosavuta kutsanzira. Munthu waluso akhoza kujambula ndi utoto weniweni pa pepala labwino n'kusainapo dzina la wina, ndipo mayeso atatu oyamba aja onse n'kupambana. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Makina a masiku ano opopera inki nawonso amakopera bwino kwambiri, ngakhale pa pepala la thonje. N'cifukwa cake odziwa nchitoyi amakhulupirira mbiri ya pepala koposa maonekedwe. Cinthu cimodzi musacite: kuyesa ndi cala conyowa. N'zoona kuti utoto wa madzi umasungunuka, koma mukatero mwatsimikiza ceniceni pociononga.

Zimene zinacitika atamwalira

Marceau anamwalira pa 22 Seputembala 2007 ku Cahors, ali ndi zaka 84, ndipo anaikidwa ku manda a Père Lachaise ku Paris. Anasiya ngongole. Bwalo la milandu linalamula kuti katundu wake agulitsidwe, ndipo pa 26 ndi 27 Meyi 2009 ku nyumba ya malonda ya Drouot ku Paris anagulitsa mabuku ake, zovala za Bip, makalata, zithunzi za kamera ndi zojambula zake. Ophunzira ake ndi abwenzi anadandaula, napempha kuti zonse zisungidwe pamodzi kuti anthu azikaziona. Boma la France linagulako zina n'kuziika ku nyumba yaikulu ya mabuku ya dzikolo, Bibliothèque nationale de France. Zotsala zinamwazikana kwa ogula osiyanasiyana.

Kuipa kwa kumwazikana n'kotani? Cithunzi cimodzi pacokha cimanena zocepa. Cikakhala pamodzi ndi makalata, zolemba ndi zithunzi zinzake, wofufuza mbiri amatha kudziwa cimene cinayamba ndi cimene cinatsatira. Masewero a Marceau anali kutha pamene nyali zazima, ndipo kupatula makanema, mapepala amenewa ndiwo mboni zotsala za dzanja lake.

Pali lamulo linanso loyenera kulidziwa. Ku France, wogula cithunzi amakhala mwini pepala, koma sakhala mwini nchito. Sangacisindikize ndi kugulitsa makope popanda cilolezo ca wojambula kapena olowa m'malo mwake, mpaka patapita zaka 70 cimwalirire wojambulayo. Kwa Marceau ndiye kuti mpaka kutha kwa 2077. Ndiponso kuyambira mu 1920 lamulo la dzikolo limati cithunzi ceniceni cikagulitsidwanso pa msika wa poyera, kagawo kocepa ka mtengo kapite kwa wojambula kapena banja lake.

Adani a pepala

Mdani woyamba ndi kuwala. Ufa wa utoto wa madzi ngwoonda ndipo ulibe cophimba, cotero dzuwa limaudya pang'onopang'ono. Mtundu ukazilala subweranso. Nyumba zosungira zithunzi zimaonetsa mapepala otere m'cipinda ca mdima pang'ono, pa muyeso wa kuwala wa 50 lux, pamene dzuwa la masana panja limatha kufika 100,000 lux. Zimaonetsa kwa miyezi yocepa, n'kubwezera m'bokosi. Ku Vienna, m'nyumba ya Albertina, muli cithunzi ca kalulu cimene Albrecht Dürer anajambula mu 1502. Cakhala zaka zoposa 500 cifukwa amacitulutsa mwa apo ndi apo, ndipo masiku ambiri alendo amaona cokopera.

Mdani waciwiri ndi cinyezi, cimene cimabweretsa nkhungu ndi timadontho tofiirira. Wacitatu ndi tizirombo: ciswe, mphemvu ndi njenjete zimakonda pepala ndi guluu. Wacinai ndi ife eni: zala za mafuta, kupinda, zomatira za pulasitiki zimene zimasanduka zacikasu ndi kusiya banga, timawaya tomangira mapepala timene timacita dzimbiri.

Adani amenewa ndi omwewo amene amadya ziphaso ndi makalata a m'nyumba zathu. Tsono malangizo ndi amodzi. Sungani pepala logoneka, losapinda, pakati pa mapepala oyera. Liikeni m'bokosi lotseka bwino, pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa ndi utsi wa kukhichini. Ligwireni m'mphepete ndi manja osamba ndi ouma. Ngati mufuna kulembapo dzina la mwini ndi caka, lembani kumbuyo ndi pensulo, osati bolopeni. Pa khoma pacikani fotokope, ceniceni cikhale mu mdima. Ndipo lembani m'kope kuti pepalalo munalilandira kwa yani ndi liti, cifukwa imeneyo ndiyo mbiri imene adzafunsa a m'tsogolo.

Zocita m'kalasi

Mu 1970 ndi 1971 ku America kunatuluka mabuku awiri a ana, lina la zilembo lina la manambala, m'mene muli zithunzi za kamera za Marceau akusewera. Nzeru imeneyi tikhoza kuibwereka. Lembani mau anai kapena asanu pa bolodi, monga kulima, kutunga, kusinja, kupalasa. Wophunzira mmodzi acite limodzi mwa iwo osalankhula, anzake apeze liulo pa bolodi, aliwerenge, n'kulilemba. Amanyazi ambiri amamasuka ndi sewero lotere, ndipo kuseka kumacotsa mantha a coko.

Mukhozanso kuyesa utoto wa madzi popanda kugula kanthu. Sefani dothi lofiira, lacikasu ndi makala opera, musungunule utomoni wa mthethe m'madzi ofunda, musakanize. Nthenga ya nkhuku kapena kamtengo kotafuna kunsonga kagwira nchito ya kaburashi. Aliyense ajambule cinthu cimodzi, alembe dzina lake ndi tsiku pansi pake. Kwa ena kudzakhala kuyamba kusaina nchito ya manja ao.

Pomaliza kambiranani mafunso awa:

1. Kodi ceniceni cimasiyana bwanji ndi cokopera? Chulani zinthu za m'nyumba mwanu zimene zilipo cimodzi cokha.

2. Cifukwa ciani siginecha yokha siikwanira kutsimikiza mwini nchito?

3. Munthu wamkulu akamwalira, mapepala ake amapita kuti? Ndani ayenera kuwasunga kuti asamwazikane?

4. Pa adani anai a pepala, ndi uti amene amavuta kwambiri kwanuko, ndipo mungamuletse bwanji nyengo ya mvula isanafike?